Tisamadikire tsiku la maliro kuti tinene zabwino za ana athu

Chaka chilichonse ikafika 15 October, tsiku la anakubala, Facebook yonse imadzadza ndi zithunzi za amayi atavala zitenje zatsopano, ana akulemba ndime zitalizitali kuti mayi anga ndinu ngwazi, munatilera movutikira, ndipo palibe amene amadabwa kapena kunena kuti ana amenewa alakwitsa. Koma ulendo uno zinthu zinatembenuka m'gulupu ya WhatsApp ya kudera kwathu kuno ku Chibavi mu Mzuzu, pomwe mayi wina wachikulire m'malo modikira kuti ana amuyamikire analemba yekha meseji yoyamikira mwana wake wamkazi, munthu wamkulu ndithu wa ana ake kale, kunena kuti mwanayu ndi woleza mtima, sanawayankhepo mwano, ndipo bambo ake atagonekedwa ku chipatala cha Central ndi iyeyo amene anatseka geni yake kumsika wa Taifa n'kukakhala gadiyani mpaka tsiku lotuluka. Wina anaijambula mesejiyo n'kuiponya pa Facebook, nde mkangano unayambira pomwepo, makomenti mbwee, mpaka m'minibasi ndi kumsika wa Zigwagwa anthu akukambirana zomwezo. Ochepa akuti mayiyo wachita bwino, ambiri akuti walakwitsa, kholo silitamanda mwana pagulu.

Ine ndili mbali ya mayiyo, ndipo ndinene msanga pomwe ndaima: kholo liyenera kumuuza mwana wake wamkulu zabwino zomwe likuona mwa iye, kumuuza ndi pakamwa iye akumva, ndipo pakapezeka mpata kunenanso pamaso pa anthu, koma chomwe tiziyamikira chikhale khalidwe lake osati kukula kwa ndalama zomwe amatumiza. Ndikulankhula ngati bambo amene ana ake onse anakula, ena ali pabanja, komanso ngati munthu amene wakhala pa maliro ambiri mu Mzuzu muno n'kumamva mbiri ya malemu ikuwerengedwa, makolo akulira kuti uyu ndiye amatisunga pakhomo pano, anali womvera, anali wachifundo, ine mumtima n'kumadzifunsa kuti kodi mawu amenewa mwiniwakeyu anawamvapo ali moyo? Nthawi zambiri ayi, anangomva zodzudzula zokha. Koma amene akutsutsa si anthu opepera, ena ndi akuluampingo, ena ndi amayi amene alera ana awo bwinobwino, nde zifukwa zawo ndi zoyenera kuzimva kaye tisanaziyankhe.

Choyamba chomwe akunena ndi chakuti mwana ukamuyamikira amayamba kudzimva, mutu umakula, mawa sadzamvanso zonena zako poti wadziwa kuti umamudalira. Mfundo imeneyi ili ndi pogwira, tonse tinaonapo mwana amene kwawo amamuchemerera chilichonse, akalakwa amayi ake n'kumamuikira kumbuyo, atakula n'kukhala munthu wosauzika. Koma taonani bwino chomwe chinamuwononga mwana ameneyo, sikumuyamikira pa zabwino ayi, ndi kumuyamikira pa zabodza, kumuuza kuti wachita bwino pomwe sanachite kanthu, komanso kumubisira zolakwa. Izi n'zosiyana kwambiri ndi kuuza munthu zoona za chinthu chomwe wachitadi. Komanso akuluakulu anati m'mera mpoyamba, kutanthauza kuti nthawi yoopa kuti mwana apotoka ndi pomwe ali wamng'ono, pano tikukamba za munthu wa zaka 30, 35, 40, amene akulipira lendi yekha, akulera ana ake, ena mpaka akuyang'anira anthu kuntchito. Munthu amene wagona pansi kuchipatala masabata angapo, akuphika phala m'bandakucha ndi kuchapa zovala za wodwala, mukuganiza kuti mawu oti mwana wanga wandilemekeza ndi amene angamusandutse wamwano? Zomwe ine ndaona ndi zosemphana ndi zimenezo. Munthu amene wadziwa kuti khama lake laoneka amalimbikira, pomwe amene wachita zonse n'kungolandira chete kapena kufunsidwa kuti nanga shuga sunabweretse bwanji, pang'onopang'ono amayamba kutalikira, mafoni amayamba kuchepa, ndipo makolo n'kumadabwa kuti mwanayu wasintha bwanji.

Chachiwiri, ndipo ichi ndachimva kwambiri kwa azibambo anzanga, akuti palibe choyamikira apa chifukwa mwana kusamala makolo ndi udindo wake, tinamubereka, tinamulipirira fizi, nde akungobweza. Sindikukana kuti ndi udindo. Koma chiyambire liti Amalawi sitithokoza munthu chifukwa choti zomwe wachita ndi udindo wake? Pa maliro aliwonse mwini mbumba kapena amfumu akaimirira amathokoza adzukulu amene akumba manda, amathokoza amayi amene aphika, a kwaya amene achezera kuimba, abusa amene alalikira, ndipo onsewa ndi udindo wawo, palibe amene amaimirira n'kunena kuti musawathokoze poti ndi ntchito yawo. Mlendo akatipatsa madzi akumwa timawomba m'manja. Nde zikutheka bwanji kuti ulemu umene timaupereka kwa aliyense, ngakhale kondakitala amene watibwezera chenji, tikuumana mwana wathu yemwe? Kuwonjezera apo tivomereze kuti udindo umenewu masiku ano ndi wolemera kuposa mmene unalili nthawi yathu. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu aliyense anakwera, feteleza, sopo, mafuta ophikira, thiransipoti, koma malipiro a ana athu sanakwere mofanana ndi zimenezo. Mphunzitsi wa ku pulayimale kapena mnyamata wa kabaza amene akupatula kenakake pa zochepa zomwe wapeza kuti agulire amayi ake mankhwala a BP wadzimana chinachake, mwina ana ake adya ndiwo zamasamba sabata yonse chifukwa cha zimenezo. Ndipo tisanamizane, si onse amene akuuchita udindowu, alipo ana ambiri olemera amene makolo awo akugona m'nyumba zodontha. Ngati ena akuuthawa ndipo wako sakuuthawa, ndiye kuti wasankha, ndipo kusankha kumeneko n'koyenera kukutchula.

Apa ndinenepo za mwana wanga, poti sindingalimbikitse anzanga chinthu chomwe ine ndikuchita nacho manyazi. Mwana wanga wachiwiri ndi kalipentala, amakhoma mipando ndi mabedi ku Luwinga, sanapite ku yunivesite ngakhale Mzuni ili pafupi pomwepo ndi pomwe amagwirira ntchito, ndipo pa ana anga onse si iye amene ali ndi ndalama zambiri. Koma mnyamata ameneyu sanama. Kasitomala akamufunsa ngati matabwa auma amanena zoona ngakhale akudziwa kuti munthuyo apita kwa wina, akalonjeza kuti bedi lituluka Lachisanu limatuluka Lachisanu, ndipo tsiku lina munthu wosamudziwa anamutumizira ndalama pa Airtel Money molakwitsa nambala, ndalama zoti zikanamuthandiza kwambiri mwezi umenewo, iye anaimba yekha foni n'kuzibweza zonse. Mkazi wake amamulemekeza, sindinamvepo kuti wamutukwana kapena kumukwezera dzanja, ndipo anyamata amene amaphunzira ntchito pa shedi yake amadya naye mbale imodzi. Akabwera kwathu sayamba wakhala pampando, amayamba wazungulira nyumba kuona ngati pali chitseko chomwe chikuvuta kapena lata lomwe lasomphoka. Zinthu zimenezi ndimamuuza, ndimati bambo, mtima wanu wosanamawu ndi chuma chomwe ine ndimanyadira, musadzausiye, ndipo ndinanenanso pamaso pa akuchikazi ake tsiku la chinkhoswe. Sanasinthe kukhala wodzikuza. Amangoweramitsa mutu n'kunena kuti zikomo adadi, basi n'kupitiriza ntchito yake.

Chachitatu ndi nkhani ya nsanje ndi ufiti, yomwe anthu ambiri sanailembe poyera m'makomenti koma ndi imene ili pansi pa mtima. Akuti ukamalengeza zabwino za mwana wako ukumuika pa mbalambanda, anthu oipa mtima amva ndipo amuchita chipongwe, bola kukhala chete kuti atetezeke. Sindiwaseka anthu oganiza chonchi chifukwa mantha amenewa amachokera m'chikondi, kholo likufuna kuteteza mwana wake. Koma tiyeni tiganize mofatsa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Mzuzu ili ndi anthu oposa 200,000, koma aliyense wokhala muno akudziwa kuti nkhani siyibisika, mwana wako akagula galimoto ku Chiputula akhala atadziwa dzuwa lisanalowe, akayamba kumanga ku Nkhorongo anthu amawerenga okha malata. Ndiye kuti chomwe chimautsa nsanje, chomwe ndi chuma, chimaoneka kale popanda iwe kutsegula pakamwa, kukhala chete kwako sikukubisa kalikonse. Chomwe kukhala chete kwako kukubisa ndi chinthu chimodzi chokha, choti iwe kholo lake ukukondwera naye, ndipo amene ukumubisirayo ndi mwana yemweyo. Komanso n'chifukwa chake ndikunena kuti tiziyamikira khalidwe. Mayi wa m'gulupu uja sanatchule malipiro a mwana wake, sanatchule nyumba kapena katundu, anatchula kuleza mtima ndi kusamala wodwala, nde ndani angamuchitire munthu kaduka chifukwa chochapa zofunda za bambo ake kuchipatala? Ngati mantha akadalipobe, palibe amene akukukakamiza kulemba pa intaneti, muitane mwanayo m'nyumba, tseka chitseko, muuze. Mantha a anthu akunja angakhale chifukwa chosanenera pagulu, koma sangakhale chifukwa chosanenera konse.

Tsopano ndifike pa mfundo yomwe ndikuiona kuti ndi yamphamvu kuposa zonse, ndipo amene anainena ndikuwapatsa ulemu. Akuti kuyamikira mwana mmodzi pagulu ndi kubzala udani pakati pa abale, enawo amva bwanji, aziti amayi amakonda uje, ife ndife otayika. Izi ndi zoona ndipo zapasula mabanja ambiri. Ngakhale m'Baibulo, pa Genesis 37, Yakobo atamusokera Yosefe malaya apadera abale ake anamuda mpaka kumugulitsa, nde palibe amene anganene kuti kukondera ndi nkhani yaing'ono. Koma funso ndi lakuti, kodi mankhwala a kukondera ndi kusayamikira aliyense? Ine ndikuti ayi, chifukwa m'mabanja ambiri momwe makolo amati ife sitiyamikira mwana, kukondera kulimo kale, kungoti sikutuluka m'mawu, kumatuluka m'zochita. Ana amaona amene amamuphera nkhuku akabwera ndi amene amangomupatsa nsima ya dzulo, amaona amene foni yake ikalira amayi amathamangira ndi amene amamuuza kuti ndikuimbira kenako, amaona amene mawu ake amamveka pa nkhani za munda ndi amene amangouzidwa zomwe zagamulidwa. Ndipo pafupifupi nthawi zonse wokonderedwayo ndi amene ali ndi ndalama.

Kuno kumpoto nkhani imeneyi tikuidziwa bwino chifukwa cha Joni. Kuyambira nthawi ya Wenela ndi TEBA, yomwe inasiya kulemba Amalawi ntchito za m'migodi cha m'ma 1988, mpaka lero pomwe anyamata a ku Mzimba ndi Nkhata Bay akukwera okha mabasi opita ku Johannesburg, mabanja ambiri ali ndi wina amene ali kunja ndi wina amene anatsala. Wa kunjayo akatumiza marandi mudzi wonse umadziwa, akatumiza malata kapena sofa pa thiransipota amayi amaitana aneba kuti adzaone, akabwera pa Khrisimasi amalandiridwa ngati mfumu. Sindikumunyoza, moyo wa kunja ndi wowawa, ena amagona m'tizipinda tothinana n'kumadzimana kuti kwawo adye, ayenera kuthokozedwa ndithu. Koma nanga amene anatsala uja? Amene amalima munda wa makolo, amene amanyamula agogo pa njinga kupita nawo kuchipatala usiku mvula ya Mzuzu ikugwa, amene amakaimirira banja lonse pa maliro ndi pa milandu ya kwa amfumu, amene ndalama za ku Joni zikachedwa amabwereka kwa aneba kuti pakhomo pasagone ndi njala? Ameneyo nthawi zambiri dzina lake ndi uyu amangokhala. Mu fanizo lija la pa Luka 15, mwana wamkulu amene sanachoke pakhomo anadandaula kuti zaka zonsezi wagwira ntchito koma sanapatsidwepo ngakhale kamwana ka mbuzi, ndipo m'maulaliki ambiri timamudzudzula kuti anali wansanje, koma ine ndikamawerenga ndimaona kuti bambo ake anatuluka panja kukamudandaulira ndi kumuuza kuti iwe uli ndi ine nthawi zonse, zanga zonse ndi zako. Mawu amenewa ndi amene ana ambiri otsala pakhomo sanawamvepo.

Chimodzimodzi ana aakazi. M'mabanja ambiri, makamaka kumene mwambo wake ndi wa malowolo, mwana wamkazi akakwatiwa amawerengedwa kuti ndi wa kwina, maso onse amakhala pa ana aamuna poti ndi amene atenge dzina ndi malo. Koma pitani ku Central kapena ku chipatala chilichonse mukaone amene akhala panja ndi mapoto ndi mabeseni, ambiri ndi azimayi, ana aakazi ndi atengwa, asiya mabanja awo ndi mageni awo. Wodwala akachira amathokoza mwana wamwamuna amene anatumiza ya mankhwala pa Mpamba, amene anamusambitsa satchulidwa. Nde mukaona bwino, zomwe anachita mayi wa m'gulupu uja sikukondera, kunali kukonza kukondera komwe kulipo kale, anatchula munthu amene kawirikawiri satchulidwa. Choncho yankho langa kwa oopa udani ndi lakuti tiyamikire ana onse, aliyense pa chake, ndipo tisafananize. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa kunena kuti mwana wanga uyu ndi woleza mtima, ndi kunena kuti uyu yekha ndiye mwana, enawa ndi mavuto. Koyambako kumamanga, kwachiwiriko ndi kumene kunaponyetsa Yosefe m'dzenje. Ndipo kholo lomwe lakhala pansi n'kuganizira mwana aliyense payekha lipeza chonena, wina ndi wolimbikira ntchito, wina ndi amene amayanjanitsa abale akayambana, wina amalera bwino ana ake, wina anagwa n'kudzuka, anasiya mowa, ndipo chimenecho chokha ndi chachikulu kwambiri.

Ena akuti zonsezi ndi matama chabe, kholo likamatamanda mwana limakhala likudzitamanda lokha kuti onani mmene ndinalerera, makamaka pa Facebook pomwe anthu amafuna malaiki. Apa ndivomereze mbali ina, matama alipo ndipo amaoneka. Tonse timawadziwa makolo amene nkhani iliyonse amaikhotetsera kwa mwana wanga wa ku UK, mwana wanga dokotala, mwana wanga wandigulira ichi, mpaka anthu kumawathawa pa chitsime ndi ku tchalitchi, ndipo nthawi zina mwana yemweyo akabwera kunyumba samva liwu limodzi labwino, zabwino zake zimanenedwa kwa anthu ena basi kuti kholo litchuke. Zimenezo sindikuziikira kumbuyo. Koma kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Funso loyamba ndi lakuti, kodi mawu amene ukulemba pagulu unayamba wamuuza mwiniwake pamaso? Funso lachiwiri, kodi ukachotsamo ndalama, digiri ndi dzina la dziko lomwe ali, mukutsala kanthu? Ngati mukutsala kuti ndi wachifundo, ndi wokhulupirika, amalemekeza anthu, ndiye kuti ukukamba za mwanayo, koma ngati simukutsala kanthu ndiye kuti umakamba za iwe mwini. Ndipo kupezeka kwa anthu a matama sikungatiletse tonse kunena zoona, monganso kupezeka kwa anthu opemphera modzionetsera sikunatiletse kupemphera. Komanso kunena pagulu kuli ndi ntchito yake yomwe kunena m'nyumba kulibe, achinyamata amene ali m'gulupu muja tsiku lililonse amaona anthu akutamandidwa chifukwa cha magalimoto ndi zovala, nde n'zofunika kuti tsiku lina aone munthu akutamandidwa chifukwa chosamala bambo ake odwala, adziwe kuti zimenezonso anthu amaziona.

Pali ena amene atseka nkhani ndi mawu oti si chikhalidwe chathu, izi ndi za azungu, makolo athu sankachita zimenezi ndipo tinakula bwinobwino. Ndi zoona kuti abambo ambiri a kale anali ouma pakamwa, ukakhoza mayeso amangoti chabwino, ukalakwa ndiye mpamene umamva mawu ambiri. Koma kunena kuti kuyamikira si chikhalidwe chathu ndi kusachidziwa chikhalidwecho. Nthungululu ndi za ndani? Kufupa pa ukwati, pa chinamwali, wovina akavina bwino, ndi za ndani? Ife Achewa munthu akachita chabwino timamuthokoza ndi mfunda wake, zikomo a Phiri, zikomo Nabanda, ndipo anzathu Atumbuka ndi Angoni kuno amachita chimodzimodzi ndi ziwongo zawo, yewo a Gondwe, yewo a Jere, kumukweza munthu pomukumbutsa kwawo. Pitani ku Umthetho ku phiri la Hora mu August mukamve mmene Angoni amatamandira mafumu awo mokweza pamaso pa khamu lonse. Mlenje akabwera ndi nyama ankaimbiridwa, mtsikana akasunga mwambo mpaka tsiku la ukwati amayi ake ankavina poyera anthu onse akuona. Ndiye kuti kutamanda tili nako kuyambira kale, chomwe chinasowa ndi kukulowetsa m'nyumba, pakati pa bambo ndi mwana wake. Ndipo kwa ife amene timapemphera, pa Mateyu 3 Yesu atabatizidwa mu Yordano mawu anamveka kuchokera kumwamba onena kuti uyu ndi Mwana wanga wokondedwa amene ndikondwera naye, ndipo Luka akutiuza kuti nthawi imeneyo anali ndi zaka pafupifupi 30. Anali munthu wamkulu, ndipo Atate ake sananong'one. Zoti tinakula bwinobwino nazonso ndimazikayikira, chifukwa ndikudziwa azibambo a imvi amene mpaka lero akamakamba za malemu bambo awo amati sindikudziwa ngati ankakondwera nane, ndipo amanena zimenezi mawu akunjenjemera.

Ana athu aamuna makamaka ndi amene ndimawadera nkhawa. Mwamuna wa ku Malawi kuno amamva mawu ambiri tsiku lililonse, lendi yakwana, fizi ikufunika, kumudzi kwagwa vuto, ngongole ya banki m'khonde yafika tsiku, ndipo foni ya kwa makolo ikalira mtima umayamba wagunda poganiza kuti kwachitikanso chiyani, akufunanso zingati. Apolisi akhala akunena kangapo kuti mwa anthu amene akudzipha m'dziko muno ambiri ndi amuna, ndipo mavuto a ndalama ndi a m'banja amatchulidwa kawirikawiri. Sindikunena kuti mawu oyamikira angathetse vuto lalikulu ngati limeneli, likufunika zambiri kuposa pamenepo. Koma munthu amene amadziona ngati ndi wofunika pokhapokha akatumiza ndalama, tsiku lomwe ntchito yatha amadziona ngati watha nayenso, pomwe amene bambo ake anamuuzapo kuti ndimakunyadira chifukwa cha mtima wako amadziwa kuti kwawo angabwerere ngakhale chimanjamanja ndipo akalandiridwa.

Komenti imodzi inandikhudza kuposa zonse, inalembedwa ndi mayi amene anati inu mukamayamikira ana anu pagulu muziganizirako ife amene tilibe ana, ndi ife amene ana athu anasochera, ali ku mowa, ali kundende, ena sitikudziwa kumene ali. Mayi ameneyu sindingamutsutse ngati mmene ndatsutsira enawo, chifukwa sakupereka mfundo, akunena ululu wake, ndipo ululu umenewo ndi weniweni. Chomwe ndinganene n'chakuti akutiphunzitsa kanenedwe, kuti tikamayamikira tisamalankhule ngati ana abwino ndi malipiro a kulera kwathu kwanzeru, chifukwa tonse tikudziwa makolo opemphera ndi olimbikira amene ana awo anapotoka, komanso makolo osasamala amene ana awo anatuluka bwino, nde palibe chodzitamira. Tinene mothokoza, osati moloza chala. Koma sindikukhulupirira kuti chisoni cha mayi ameneyu chingachepe chifukwa choti makolo ena onse atseka pakamwa. Ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe, mayi amene alibe wake ali ndi ana a achemwali ake, ali ndi mtsikana wa neba amene amamutungira madzi mipope ikauma, ali ndi mnyamata wa kumpingo amene amamuperekeza usiku, onsewa angathe kuwauza zabwino zawo ndipo mawu ake adzalemera chimodzimodzi. Kwa amene mwana wake anasochera, ndikupempha kuti tsiku lomwe adzaimbe foni kapena kutulukira pakhomo, musanayambe kuwerenga zomwe analakwa, mufufuze chimodzi chomwe chikadali chabwino mwa iye, ngakhale kungoti wakumbuka kwawo, n'kumuuza chimenecho poyamba. Zodzudzula wazimva kale kwa anthu ena onse, ndipo mwina n'zimene zamuchedwetsa kubwera.